Kupalasa njinga pamsewu umodzi ndi akatswiri: yambirani pa mtunda wa ku Chawe

Chichitikireni mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi ku Kigali, m'dziko la Rwanda, mu Seputembala 2025, woyamba wa mtundu umenewo kuchitikira mu Africa muno, anyamata amene timapalasa nawo Loweruka m'mawa sakundipatsa mpata. Tikangoima kuti tipume pa damu la Mulunguzi, paphiri la Zomba, wina wa ku Chinamwali kapena wa ku Matawale amayamba: "Achimwene, kodi munthu wamba ngati ife, wopanda timu, wopanda womulipirira, angalowe mumpikisano umene muli anthu oti kupalasa ndi ntchito yawo?" Ndimawayankha kuti khomo lilipo ndithu. Kungoti ambiri amene amalowa pakhomo limenelo atadalira miyendo yokha amakafika kumapeto atakwera galimoto yotola otopa, njinga ili pamwamba.

Mphamvu si vuto lathu kuno. Taonani bambo amene amalowa m'tauni mbandakucha ndi matumba atatu a makala pa keliyala, kapena wa kabaza amene amanyamula mayi ndi dengu lawo kuchoka ku Mpondabwino kukawatula ku Sadzi, kubwerera, n'kupitanso. Chimene chimatigwetsa ndi kusazolowera kuyenda m'chigulu, kuiwala kudya, ndi kutengeka mu ola loyamba. Malangizo awa ndawasanja motsatira nthawi, kuyambira pamene mwangoganiza zolowa mpaka mutadutsa mzere womaliza.

1. Sankhani mpikisano umene ungakulandireni

Mipikisano ina n'njotseka. Tour de France, imene inayamba mu 1903, komanso Tour du Rwanda, imene imachitika chakumayambiriro kwa chaka, amalowa ndi matimu oitanidwa okha. Ngakhale mutakhala ndi ndalama zodzaza dengu, dzina lanu silingalembedwe kumeneko. Musataye nthawi kulemberako makalata.

Yotseguka ilipo ya mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake kumvetseni musanalipire kalikonse. Woyamba ndi wa chinamtindi cha anthu, monga Cape Town Cycle Tour ya ku South Africa. Imeneyi inayamba mu 1978, imachitika mu Malichi, ndi ya makilomita pafupifupi 109, ndipo amalola anthu mpaka pafupifupi 35,000. Akatswiri amanyamuka koyamba, enanu mumatsatira m'magulumagulu motengera nthawi zimene munapangapo m'mipikisano ina. Wopanda mbiri amaikidwa cham'mbuyo. Ndiye kuti msewu ndi womwewo, tsiku ndi lomwelo, nthawi yanu ilembedwa pamndandanda womwewo, koma nkhope zawo mwina simuziona. Ku Johannesburg kulinso 947 Ride Joburg chakumapeto kwa chaka, yoyendetsedwa mofananamo, ndipo kwa ife ndiko kufupi.

Mtundu wachiwiri ndi mipikisano ya kwathu konkuno ndi ya mayiko oyandikana nafe, imene anthu amakhala ochepa, ndipo kawirikawiri nonse mumanyamukira pamzere umodzi ndi anyamata oimira dziko. Uwu ndiye wowawa, chifukwa palibe pobisala. Ine ndimalangiza kuti muyambe ndi umenewu kawiri kapena katatu musanaganize za ulendo wa kunja. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo zimene mungaphunzire m'mphindi 30 zoyambirira simungaziphunzire mukupalasa nokha chaka chathunthu.

2. Mapepala

Mipikisano yoyendera malamulo a UCI, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, imafuna layisensi. Layisensi imachokera ku bungwe la masewero a njinga la dziko lanu, ndipo imatha pakutha pa chaka, choncho musaitenge mu Disembala n'kumayembekeza kuti ikagwira ntchito mu Malichi. Mipikisano ya chinamtindi ili ndi malamulo akeake olembetsera, awerengeni pa intaneti nokha, musangomvera za m'maluwa. Kulembetsa kumatsegulidwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike ndipo malo amatha. Ngati mukupita kunja, yang'anani pasipoti lero lomwe, ndipo funsani a basi kapena a ndege mtengo wonyamulira njinga musanagule tikiti.

3. Njinga: yokukwanani, osati yodula

Njinga ya kabaza, ija ya mabuleki a ndodo, ndi yolimba koma siingathe liwiro la chigulu. Mufunika njinga ya pamsewu, ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala opyapyala. Za kaunjika zimapezeka, ndipo ya aluminiyamu yosamalidwa bwino ikukwanirani. Akatswiri saloledwa kukwera njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8. Yanu ikakhala 9 kapena 10 musadandaule, makilogalamu awiri owonjezerawo ambiri a ife tawanyamula pamimba.

Chofunika kwambiri ndi msinkhu wa njingayo. Khalani pachishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke bwinobwino popanda chiuno kupendekera. Mukabwezera phazi pamalo pake, bondo likhala lopindika pang'ono, ndipo ndi pomwepo. Chishalo chotsika chimapweteka kutsogolo kwa bondo, chokwera kwambiri chimapweteka kumbuyo kwake. Mukapeza malo abwino, zengani tepi pachitsulo kuti musamasakesakenso mukamasula njinga paulendo.

Magiya akhale okhala ndi chifundo. Kutsogolo mano 50 ndi 34, kumbuyo giya yaikulu ya mano 30 kapena 32. Pali kamtima kena pakati pathu koona ngati giya yopepuka ndi ya amantha. Amene amanena zimenezo ndimawapeza akukankha njinga pakhona yachitatu ya ku Chawe.

Matayala a mamilimita 28 ndi abwino kuposa a 23 m'misewu yathu ya zigambazigamba, ndipo musawapope mpaka kuuma ngati mwala. Machubu ake, aja a valavu yowonda, kumsika wa Zomba sapezeka wamba, ndiye mukafika ku Blantyre gulani angapo nthawi imodzi. Tcheni, mawaya a magiya ndi mphira za mabuleki zisinthidwe kutatsala milungu itatu, osati dzulo lake. Chipewa choteteza mutu n'chokakamiza, popanda icho sakulolani kunyamuka. Zitsulo zogonerapo mikono, zija za mipikisano yopalasa aliyense payekha, n'zoletsedwa m'chigulu. Kabudula wa thonje pansi amavalidwa popanda chamkati. Ndikudziwa kuti ena mwaseka, koma msoko wa chamkati ukakupekesani maola anayi mudzayenda ngati mwana wa mdulidwe. Pakani Vaseline musananyamuke.

4. Milungu 16 ya kukonzekera

Zomba inatipatsa bwalo laulere limene anzathu a ku Lilongwe amatisirira. Gwiritsani ntchito misewu itatu.

Ulendo wautali, kamodzi pa mlungu: msewu wa M3 kulowera ku Domasi, Malosa, Machinga mpaka ku Liwonde. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 100, ndiye musayambe ndi wonsewo. Mlungu woyamba tembenukirani pa Domasi, kenaka pa Malosa, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka pofika mlungu wa 10 muzikhudza mlatho wa pa Shire. Ubwino wa msewu umenewu ndi wakuti popita mumatsika, ndipo mtunda wochoka ku Liwonde kukwera ku Machinga umakupezani mutatopa kale, dzuwa litakwera. Mpikisano umatero ndendende. Liwiro la tsiku limeneli likhale loti mutha kucheza ndi mnzanu ziganizo zathunthu. Mukamalankhula mawu awiriawiri, mwathamanga.

Mtunda, kamodzi pa mlungu: msewu wa ku Chawe. Kuchoka m'tauni kukafika pahotela mumakwera mamita oposa 500, pamene zitunda zotchuka za ku Cape Town, Chapman's Peak ndi Suikerbossie, n'zazifupi poyerekeza ndi wathuwu. Koma musamangokwera mwachizolowezi. Mukatenthetsa thupi mphindi 15, palasani mwamphamvu mphindi 5, kufika poti kulankhula kukuvuta, kenaka pepukitsani mphindi 3, mubwereze kanayi. Pakapita milungu, mphindi 5 zija zikhale 8, kenaka 10. Miyendo izizungulira maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi, mutakhala pansi. Kuimirira n'kwa pakhona pokha kapena pofuna kuwongola msana. Potsika samalani: pamakhala anthu otsika ndi nkhuni ndi matabwa, anyani amadumpha msewu, ndipo m'makona a mthunzi mumakhala ndere zoterera.

Liwiro, kamodzi pa mlungu: msewu wa ku Jali kapena wa ku Thondwe ndi Namadzi, muli gulu. Za limeneli ndinena payekha chifukwa ndiye mutu wa nkhani.

Masiku otsalawo ndi opalasa mopepuka ola limodzi, ndipo tsiku limodzi njinga isakhudzidwe n'komwe. Mlungu wachinayi uliwonse chepetsani zonse ndi theka. Thupi limakula pamene mukupuma, ndipo amene amakwera ku Chawe tsiku ndi tsiku amafika pampikisano ali chiphwiriphwiri.

Ngati mpikisano ndi wa mu Malichi, kukonzekera kwanu konse kugwera m'dzinja, Novembala mpaka Febuluwale. Nyamukani 5 koloko kukangoyera, mvula ya masana isanayambe ndiponso maminibasi asanachuluke. Valani zowala, ikani nyali yofiira kumbuyo. Chithaphwi chilichonse pa M3 muchitenge ngati chabisa dzenje. Mukabwerako tsukani tcheni n'kuthira oyilo, chifukwa mchenga wa mvula umadya magiya msanga.

5. Phunzirani kuyenda m'chigulu

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Pa liwiro la mpikisano, mdani wamkulu ndi mphepo imene mukuiboola. Munthu amene ali kumbuyo kwa mnzake amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, ndipo wobisala pakati pa chigulu chachikulu amapulumutsa zoposa pamenepo. N'chifukwa chake opambana ku Cape Town amatha makilomita 109 m'maola pafupifupi awiri ndi theka, liwiro loposa makilomita 40 pa ola, pamene inu nokha pamsewu wa ku Jali mukafika 30 mumamva ngati mapapo atuluka. Iwo ndi amphamvu, inde, koma amasinthananso mphepo. Ngakhale Biniam Girmay wa ku Eritrea, amene anapambana magawo atatu a Tour de France mu 2024 n'kuvala malaya obiriwira, a wotsogola pa mapointi, mpaka kumapeto, anakulira m'mapiri a ku Asmara koma anakasulidwabe kusukulu ya UCI ku Aigle, m'dziko la Switzerland.

Sonkhanani anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi. Yambani pamsewu wosalala, mutatalikirana mita imodzi, kenaka theka la mita, mpaka mufike potalikirana mocheperapo kuposa pamenepo. Maso asakhale pa tayala la mnzanuyo, akhale pamapewa ake ndi kutsogolo kwake, kuti muone zimene zikubwera iye asanagwire buleki. Wotsogolera akhale kutsogolo mphindi imodzi, ayang'ane ngati kulibe galimoto, apatuke pang'ono, atsike mpaka kumchira, wachiwiri atenge malo popanda kuwonjezera liwiro. Apa ndi pamene anyamata athu amalakwitsa: akangofika kutsogolo amafuna kuonetsa kuti anadya, amathamanga, chingwe n'kuduka.

Malamulo amene akatswiri sangakukhululukireni mukawaphwanya ndi awa. Tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu, chifukwa iye akangosuntha pang'ono, wogwa ndinu, ndipo mugwetsa onse a m'mbuyo mwanu. Musagwire buleki modzidzimutsa. Mukafuna kuchepetsa liwiro, siyani kupalasa kamphindi kapena tulukani pang'ono kuti mphepo ikugwireni. Pakhona tsatirani mzere umene mwayamba, osadula. Dzenje, mwala kapena chitunda chochepetsa liwiro, lozani ndi chala n'kufuula. Mukamaimirira pa mapedulo, kankhani mwamphamvu nthawi yomweyo, apo ayi njinga imabwerera m'mbuyo pang'ono n'kugunda wokutsatirani. Kumwa madzi phunzirani osayang'ana pansi: dzanja lipeze botolo lokha ngati mmene limapezera pakamwa mumdima.

Mphepo ikamachokera m'mbali, malo obisala sakhala kumbuyo kwenikweni koma chapambali, kumbali kumene mphepo ikupita. Mwera wa mu Juni ndi Julaye ndi mphunzitsi wabwino wa zimenezi, makamaka kuchigwa cha ku Jali kumene kulibe chotchinga. Musamuderere mphunzitsi ameneyu: ku Cape Town mpikisano wa 2017 unalephereka m'mawa wa tsiku lomwelo, mphepo itafika pogwetsa anthu ndi njinga zawo poyambira pomwe.

Pezaninso bwalo la udzu, muzipalasa pang'onopang'ono awiriawiri mukugundana mapewa ndi zigongono mwadala. Pampikisano wina adzakukhudzani ndithu, ndipo wosazolowera amauma thupi n'kugwa ndi mantha okha.

6. Chakudya ndi madzi

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Pampikisano wanga woyamba ndinadya phala m'mawa, ndinanyamula nthochi ziwiri, koma chifukwa choopa kuchotsa dzanja pa handulo sindinadye mpaka maola awiri atadutsa. Miyendo inangozima ngati magetsi. Ndinaima pa golosale ya m'mbali mwa msewu, nambala ili pamsana, n'kupempha mayi wogulitsa kuti andikongoze mabanzi awiri ndi Sobo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, anzanu adutsa kalekale, ingokhalani pansi mudye bwino."

Shuga amene thupi limasunga amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolimba. Kuti asathe, muzidya magalamu pafupifupi 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse, kuyambira mphindi 30 zoyambirira, njala isanabwere. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, ndiye werengani nokha. Mbatata yophika yodula timagawo, buledi wopaka uchi kapena jamu, mpunga wophika ndi shuga woumba timibulu n'kukulunga, zonsezi zimagwira ntchito ngati timapaketi todula ta akatswiri tija. Mandasi, zitumbuwa ndi mtedza zisiyeni, mafuta ake amachedwa m'mimba. Madzi, botolo limodzi la theka la lita kapena kuposerapo pa ola, ndipo limodzi mwa mabotolo anu awiri likhale la Thanzi ORS kapena madzi a shuga ndi kamchere, makamaka kukatentha ngati ku Liwonde mu Okutobala.

Zonsezi ziyesedwe pa maulendo a Loweruka. Chakudya chimene mimba yanu siikuchidziwa musachilawe tsiku la mpikisano, ngakhale akupereka chaulere panjira.

Za mankhwala: mipikisano ikuluikulu ikhoza kuyeza aliyense, osati akatswiri okha. Tramadol, mankhwala ochepetsa ululu, ndi woletsedwa pampikisano, ndipo mankhwala ena a chimfine amene timangogula pa golosale ali ndi pseudoephedrine, amenenso akachuluka m'thupi amakugwiritsani. Ngati mukumwa mankhwala a mphumu kapena a BP, kambiranani ndi dokotala nthawi ilipo. Ndipo ngati mwadwala malungo kutatsala milungu iwiri kapena itatu, mpikisano umenewo usiyeni upite. Magazi amakhala asanabwerere.

7. Mlungu womaliza

Palibe mphamvu yatsopano imene mungapeze m'masiku asanu ndi awiri, koma mutha kutaya imene muli nayo. Chepetsani maulendo ndi theka, musiyemo timaliwiro tochepa kuti miyendo isagone. Phunzirani njira: zitunda zili pa kilomita iti, makona oopsa ali pati, madzi akuperekera pati, ndipo malire a nthawi ndi otani. Lembani pa tepi n'kumata pa handulo. Dzulo lake idyani nsima kapena mpunga monga mwa masiku onse, ndiwo zosachuluka mafuta, nyemba ndi mowa ayi. Nambala imangidwe usiku womwewo ndi mapini pangodya zonse. M'kachikwama ka pansi pa chishalo mukhale machubu awiri, zotsegulira tayala, zigamba, kasipanala ka makiyi ambiri, ndipo pampu ikhale pa njinga. Akatswiri ali ndi galimoto yowatsatira ndi matayala. Inu makaniko wanu ndi inu nomwe, choncho yesezani kusintha chubu mpaka muzitha m'mphindi zisanu.

8. Ola loyamba

Idyani kutatsala maola atatu. Tenthetsani thupi mphindi 20, pitani kuchimbudzi, fikani pamzere msanga. Ngati mukunyamukira limodzi ndi akatswiri, musalimbirane nawo mzere woyamba, koma musakhalenso kumchira. Malo anu ndi chapakati cha kutsogolo. Kumchira kuli ngati kumapeto kwa mphira: pakhona iliyonse akutsogolo amadutsa osachepetsa liwiro, a m'mbuyo amaima n'kuthamanganso, ndipo mukatero kakhumi mwatha.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo pa njinga n'chimodzimodzi: mukangosiya mpata wa mamita 10 pakati pa inu ndi chigulu, mphepo yonse ndi yanu. Mpata ukatseguka, utsekeni nthawi yomweyo ngakhale ziwawe, chifukwa masekondi 15 owawa ndi otchipa kuposa maola atatu a nokha. Koma wina akathawa kutsogolo, si ntchito yanu kumuthamangitsa. Matimu ali ndi anyamata olembedwera zimenezo. Mukaona anthu a yunifomu imodzi atandandalikana, musalowe pakati pawo, akugwira ntchito, ndipo akukalipirani m'chilankhulo chimene simukuchimva koma tanthauzo mulimva.

Mtunda ukamayandikira, sunthirani kutsogolo mmene mungathere. Mukayamba kukwera muli pa nambala 15, mutha kumatsetsereka pang'onopang'ono anthu akukudutsani, n'kufika pamwamba mukadali kumchira kwa chigulu. Mukayamba muli kumchira kale, mwatsanzika.

9. Akakusiyani

Adzakusiyani. Nkhani ndi yakuti liti, ndipo mutani zikatero. Pali nthawi imene muyenera kusankha: kukakamira mphindi zina ziwiri n'kuphulika, kapena kulola apite mukadali ndi kanthu m'miyendo. Chizindikiro chake n'chakuti mpweya sukubwerera ngakhale mwabisala kumbuyo kwa munthu, ndipo kutsogolo kukadali makilomita ambiri. Zikafika apo asiyeni. Musathamangitse nokha. Imwani madzi, idyani, yang'anani m'mbuyo: kukubwera ena osiyidwa ngati inu. Adikireni, mupange kagulu, muyambe kusinthana monga munkachitira pamsewu wa ku Jali. Ngakhale simukumvana chilankhulo, kugwedeza chigongono aliyense amadziwa kuti ndiye kuti "bwera utsogole". Mukatopa, nenani kuti mudumpha ulendo umodzi, osangobisala mwakachetechete n'kudzawathawa kumapeto. Khalidwe limenelo anthu amalikumbuka chaka chamawa.

Musagwire galimoto kapena kubisala kumbuyo kwake, amachotsa nazo mumpikisano. Mukamva hutala ya njinga zamoto za oyang'anira kapena galimoto za matimu, khalani kumbali osasintha mzere. Pa mipikisano yozungulira malo amodzi, akutsogolo akakupezaninso, apatseni njira yonse, ndipo woyang'anira akakuuzani kuti mutuluke, tulukani osakangana. Tayala likaphwa, kwezani dzanja, pitani kumbali pang'onopang'ono, ndipo musanaike chubu chatsopano yendetsani chala m'kati mwa tayala kuti mupeze munga kapena kagalasi kamene kaboola.

Minofu ikayamba kukokana, pepukitsani giya, zungulitsani miyendo mofewa, imwani botolo la mchere lija. Koma mukamva chizungulire, kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo, kapena kupweteka pachifuwa, imani pamene pali oyang'anira. Mukagwa n'kumenyetsa mutu mpaka chipewa kusweka, mpikisano wathera pomwepo ngakhale mukumva bwino.

10. Makilomita omaliza ndi pambuyo pake

Potsika mtunda mutatopa ndi pamene ngozi zambiri zimachitika. Manja akhale kumunsi kwa mahandulo, zala pa mabuleki, chepetsani liwiro musanalowe m'khona osati muli m'kati, pedulo ya kunja ikhale pansi mutaiponda. Amene mwatsika ku Chawe kambirimbiri muli ndi mwayi apa, koma msewu wachilendo ulemekezeni.

Pofika kumapeto, ngati mukulimbirana nambala 60 kapena 600, musapange zoika anzanu pachiswe. Thamangani mowongoka, mutu uli m'mwamba, manja onse pa handulo, ndipo mukadutsa mzere musaime pomwepo chifukwa ena akubwera pa liwiro. Pitirirani pang'ono, tsikani, imwani, idyani kanthu m'kati mwa ola limodzi, vulani kabudula wonyowayo msanga.

Akatswiri ambiri amacheza bwino mpikisano ukatha, osati usanayambe. Mupatseni moni mmodzi, mufunse funso limodzi lenileni, monga anadya kangati kapena anapopa matayala mpweya wochuluka bwanji. Usiku womwewo, musanaiwale, lembani m'kope kilomita imene anakusiyirani, chimene chinachitika pamenepo, zimene munadya ndi nthawi yake. Ngati anakusiyani pamtunda, ntchito ya tsiku lanu la ku Chawe iwonjezeke. Ngati anakusiyani pakhona kapena pamphepo, vuto si miyendo, bwererani ku Jali ndi anzanu aja. Zotsatira zikatuluka pa intaneti, jambulani tsamba limene pali dzina lanu ndi nthawi yanu, chifukwa ndi limene mudzatumize polembetsa ulendo wina kuti akuikeni m'gulu la kutsogoloko.